Tenda ya zithunzi za pa ndege za mapu a msonkho: muyang'ane ziti?

Funso: Ndinaphunzira usaveya kwathu ku Malawi, ndipo posachedwapa ndayamba ntchito mu ofesi ya msonkho wa malo ndi nyumba ya kaunti ina (dera longa boma la kwathu) ku North Carolina, ku America. Abwana andipatsa chikalata cha tenda yojambulitsa kaunti yonse pa ndege kuti ndinenepo maganizo. Mwadzaza manambala: mainchi, madigiri a dzuwa, za ASPRS (bungwe la akatswiri a zithunzi za pa ndege ndi mapu). Ndiyang'ane ziti makamaka? Komanso n'chifukwa chiyani tiwononge ndalama pomwe zithunzi za Google ndi zaulere ndipo nyumba zimaoneka bwinobwino?

Yankho: Chemwali, ndiyambe ndi funso lanu lachiwirilo, chifukwa likamveka, manambala enawo ayamba kulankhula okha. Nyumba kuoneka bwino pa chithunzi ndi nkhani ina, nyumbayo kukhala pamalo ake enieni ndi nkhani inanso. Chithunzi chikhoza kuwala mpaka inu kuwerenga zovala zoyanikidwa pa chingwe, koma chonsecho chitasunthira mamita atatu chakummawa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wofuna njira ya ku sitolo alibe nawo ntchito mamita atatuwo. Koma inu mudzayala mizere ya mapuloti pamwamba pa chithunzicho, ndipo mamita atatu ndi okwana kulowetsa garaja ya munthu m'puloti ya mnzake. Zikatero bilu ya msonkho ipita pa khomo la munthu amene sanamange kanthu.

Zithunzi zaulere za pa intaneti ndi zolumikizalumikiza, zina za setilaiti, zina za ndege, zojambulidwa nyengo zosiyanasiyana. Palibe amene anasainira kaunti yanu kuti kulakwa kwake sikupitirira masentimita akutiakuti. Ku North Carolina msonkho umatsatira mmene malo analili pa 1 January, ndipo mwini nyumba akakana mtengo umene mwaika, amakadandaula ku Board of Equalization and Review ya kauntiyo. Kumeneko adzakufunsani kuti chithunzi chanucho chinajambulidwa liti, ndi ndani, ndipo chinayesedwa bwanji. Ndalama za tenda zimagula mayankho a mafunso atatu amenewa.

Musanapite patali, funsani kaye kuti tendayi ikufuna chiyani chimene kaunti ilibe kale. North Carolina ili ndi pulogalamu yojambula makaunti ake onse 100 pa mlingo wa mainchi 6 (kadontho kamodzi ka chithunzi kuimira mainchi 6 a nthaka), gawo limodzi mwa magawo anayi chaka chilichonse, ndi ndalama za bungwe la 911 Board loona za mafoni a ngozi, ndipo zithunzizo zimapezeka pa webusaiti ya NC OneMap. Ngati kaunti yanu ikuitanitsa zofanana ndi zimenezo, pakhale chifukwa chomveka, monga kumanga kofulumira kosadikira zaka zinayi. Kawirikawiri makaunti amafuna kuwonjezera zithunzi za mainchi 3 m'tauni, kapena zojambula chopendekera. Ndibwererako.

Tsopano tilowe m'chikalatamo. Mawu oyamba kuwagwira bwino ndi orthophoto. Chithunzi wamba cha pa ndege si mapu ayi, ndipo izi munaziphunzira kale, koma ndikumbutse chifukwa ndi pamene pagona zonse. Kamera imaona dziko kuchokera pa kadontho kamodzi. Chimene chili pansi penipeni pa ndege chimaoneka choongoka, koma zonse za m'mbali zimagwera kunja, ndipo chinthu chikatalika, kugwako kumakulanso. Tiyeni tiwerengere. Ndege ili mamita 1,500 m'mwamba, nyumba ndi yotalika mamita 10, ndipo ili pa mtunda wa mamita 500 kuchokera pansi pa ndegeyo. Denga lake lidzaoneka litasuntha mamita oposa atatu kuchokera pa maziko ake. Mapiri ndi zigwa nazo zimachita chimodzimodzi. Orthophoto ndi chithunzi chimene kompyuta yachiongola pogwiritsa ntchito mapu a kukwera ndi kutsika kwa nthaka, kuti sikelo ikhale imodzi paliponse. Choncho tendayo inene poyera kuti mapu a msinkhu wa nthakawo achokera kuti. Masiku ano ambiri amachokera ku lidar, njira yoyesa msinkhu wa nthaka ndi kuwala kwa laser kuchokera pa ndege, ndipo North Carolina ili nayo yabwino, koma ngati pamangidwa msewu watsopano kapena phiri lagumulidwa lidar itajambulidwa kale, kampani iyenera kukonza malo amenewo. Apo ayi milatho imaoneka yopindika ngati njoka.

Chimene anthu ambiri amaiwala n'chakuti orthophoto wamba imaongola nthaka yokha. Madenga amakhalabe opendekera, chifukwa ali pamwamba pa nthaka. Ngati kaunti yanu ili ndi nyumba zosanjikiza pakati pa tauni, pemphani true ortho, imene imaongolanso madenga, pa malo amenewo okha, poti ndi yodula. Kuti itheke, zithunzi ziyenera kubisana kwambiri. Mwachizolowezi chithunzi chilichonse chimabwereza 60 peresenti ya chinzake kutsogolo ndi 30 peresenti m'mbali. Pa nyumba zazitali makampani amakwezera mpaka 80 peresenti, kuti nyumba iliyonse ipezeke pafupi ndi pakati pa chithunzi china.

Mainchi amene mwaona aja ndi GSD, kutanthauza kukula kwa nthaka imene pikiselo imodzi (kadontho kamodzi ka chithunzi) ikuimira. Mainchi 3 ndi pafupifupi masentimita 7.5, mainchi 6 ndi masentimita 15, mainchi 12 ndi masentimita 30. Bungwe la akatswiri oika mitengo ya msonkho, IAAO, la ku Kansas City, limanena m'malamulo ake kuti ofesi yofuna kudalira zithunzi poona kusintha kwa malo ikhale ndi zithunzi za mainchi 6 kapena zoposa apo kuwala m'tauni ndi m'mbali mwa tauni, ndi mainchi 12 kumidzi, ndipo kumene anthu akumanga mofulumira zijambulidwe zaka ziwiri zilizonse. Kuti mumvetse kusiyana kwake, taganizirani kashedi ka mamita atatu kuseri kwa nyumba. Pa masentimita 15 kali ndi mapikiselo 20 m'mbali imodzi, ndipo mukhoza kuona ngodya zake. Pa zithunzi za NAIP, zimene unduna wa zaulimi wa America umajambula kawirikawiri pa masentimita 60, kashediko kali ndi mapikiselo 5 okha, kabanga chabe. Komabe musathamangire mainchi 3 kaunti yonse. Mukachepetsa pikiselo ndi theka, mafayilo amakula kanayi, ndege imauluka pansi ndi kuzungulira kambiri, mtengo n'kukwera. Minda ya fodya ndi nkhalango za paini sizifuna zimenezo. Ndalamazo ndi bwino zipite ku kuyesa.

Pa kuyesapa ndi pamene ndikufuna mukhazikike, chifukwa ndi pamene makaunti ambiri amagonja. GSD imanena za kuwala kwa chithunzi, koma sinena kanthu za kulondola kwake. Kulondola kuli ndi malamulo akeake, ndipo mbiri yake ikuthandizani kuzindikira ngati chikalata chanu changokopedwa ku tenda yakale. Mu 1941 boma la America linakhazikitsa National Map Accuracy Standards, n'kuwakonzanso komaliza mu 1947. Lamulolo linapangidwira mapu a papepala: pa mapu a sikelo yaikulu, malo 90 pa 100 alionse oyesedwa asaphonye kupitirira gawo limodzi mwa magawo 30 a inchi pa pepalapo. Mapu a msonkho a m'tauni ankajambulidwa pa sikelo ya inchi imodzi kuimira mapazi 100, ndiye kuphonya kololedwa kunali pafupifupi mita imodzi pa nthaka. Akumidzi, a inchi imodzi kuimira mapazi 400, ankaloledwa mamita anayi. Zinali zomveka nthawi imeneyo. Koma chithunzi cha pa kompyuta chilibe sikelo imodzi. Kalaliki amachikoka mpaka nyumba imodzi kudzaza sikirini yonse, n'kuyamba kukhulupirira mzere uliwonse umene akuona. N'chifukwa chake mu 1998 kunabwera lamulo lina lotchedwa NSSDA, loyesa kuphonya pa nthaka penipeni ndi malo osachepera 20, ndipo mu 2014 bungwe la ASPRS linatulutsa malamulo a deta ya pa kompyuta, amene linawakonzanso mu 2023. Ngati tenda yanu ikungotchula za 1947 zokha, uzani abwana mwaulemu kuti ndimeyo yakalamba.

Malamulo a ASPRS amayesa ndi RMSE. Ndi mtundu wa avereji ya kuphonya, koma umalanga kwambiri kuphonya kwakukulu, chifukwa nambala iliyonse imachulukitsidwa ndi iyo yomwe asanaphatikize. Malangizo a 2014 anati pa ntchito wamba ya mapu ndi GIS (mapu a pa kompyuta), RMSE ikhale mapikiselo awiri kummawa ndi awiri kumpoto. Pa zithunzi za masentimita 15, amenewo ndi masentimita 30. Nambalayo ilembedwe m'kontirakiti mu masentimita kapena mapazi, osati mawu oti "zolondola kwambiri". Malamulo a 2023 anakweza malo oyesera kufika pa 30 osachepera, ndipo anati kuphonya kwa saveya amene anayesa malowo kuwerengedwenso, poti naye GPS yake si yangwiro.

Apa mvetserani bwino, chemwali. Pali malo a mitundu iwiri. Oyamba ndi amene kampani imayika pansi isanauluke, zizindikiro zoyera zooneka ngati mtanda kapena V pa tala, zoyesedwa ndi GPS, zimene imagwiritsa ntchito pomangirira zithunzi ku nthaka. Achiwiri ndi malo oyesera. Achiwiriwa kampani isawadziwe. Chithunzi chimakokedwa dala kuti chigwirizane ndi malo oyambawo, ndiye kuchiyesa ndi malo omwewo kuli ngati mphunzitsi kupatsa ana mayankho madzulo, m'mawa n'kumasangalala kuti onse akhoza. Kaunti ilembe ntchito saveya wina wachilolezo, ayese ngodya za makhwalala a konkire, mizere ya penti pa malo oimika magalimoto, zinthu zimene zili pa nthaka penipeni ndipo zimaoneka bwino pa chithunzi. Osati ngodya ya denga. Malowo amwazikane kaunti yonse, m'zigwa, m'mapiri, ndi m'mphepete mwa malire, chifukwa kulakwa kumakonda kubisala kumapeto kwa dera. Pa ntchito yanga ndaonapo maripoti okongola a kulondola amene malo ake onse anali m'mbali mwa msewu waukulu umodzi, kumene saveya anafika mosavuta ndi galimoto. Ripoti lotero limanena zoona za msewuwo basi.

Za madigiri a dzuwa ndi zosavuta, koma zili ndi msampha wake ku dera lanulo. Matenda ambiri amati dzuwa likhale pamwamba kupitirira madigiri 30. Pa madigiri 30, mthunzi umatalika kuposa chinthu chake pafupifupi kawiri: nyumba ya mamita 6 imaponya mthunzi wa mamita 10. Dzuwa likatsika kufika madigiri 20, mthunziwo umapitirira mamita 16, ndipo khonde, kashedi ndi mpanda wa kumpoto kwa nyumba zonse zimamira mumdima. Ife a ku Malawi izi sitinazizolowere. Ku Lilongwe ngakhale mu June dzuwa la masana limakwera kuposa madigiri 50. Ku North Carolina kumapeto kwa December limangofika cha m'ma 31 masana enieni. Tsono vuto n'lakuti nyengo yozizira yomweyo ndi imene mitengo imakhala itayoyola masamba, ndipo zithunzi za msonkho zimafuna mitengo yopanda masamba kuti madenga ndi mipanda zioneke. Kampani imatsala ndi kanyengo kochepa, makamaka February mpaka cha mu March, dzuwa litakwerako koma masamba asanaphuke, ndiponso maola ochepa okha pakati pa tsiku. Muwonjezerepo kuti pasakhale mitambo, chifunga, utsi, chipale chofewa pansi, kapena mitsinje yosefukira. Masiku abwino amakhala owerengeka, ndipo kampani imodzi imakhala ndi makaunti ambiri pa mzere. N'chifukwa chake kontirakiti inene chimene chichitike ngati masamba aphuka ntchito isanathe. Maganizo anga ndi akuti kudikira chaka china kuli bwino kusiyana ndi kulandira theka la kaunti lobisika pansi pa masamba. Pa chifukwa chomwechi NAIP sikwanira pa ntchito yanu: imajambulidwa dala nthawi ya dzinja la mbewu, zonse zitabiriwira, poti cholinga chake ndi minda. Paini sayoyola masamba nyengo iliyonse, ndiye nyumba za m'nkhalango zotere zidzafunabe munthu wopita ndi miyendo.

Pali ndime ina yaifupi imene anthu amaidumpha, ya coordinate system, dongosolo la manambala osonyeza pamene malo ali. Mukukumbukira kwathu mmene malo a pa mapu akale a Arc 1950 amasiyanirana ndi zimene GPS ikuonetsa pa WGS 84, mpaka mamita mazana angapo. Ku America msampha wake ndi phazi. Kumeneko kwakhala mapazi awiri, US survey foot ndi international foot, osiyana magawo awiri okha pa miliyoni. Zikumveka ngati palibe kanthu. Koma manambala a State Plane, dongosolo limene mapu a kumeneko amagwiritsa ntchito, ku North Carolina amazungulira pa mapazi 2,000,000 pakati pa dera, ndipo magawo awiri pa miliyoni a nambala imeneyo ndi mapazi anayi. Boma la America linasiya US survey foot kumapeto kwa 2022 pa ntchito zatsopano, koma mapu ambiri a mapuloti amene alipo kale ali m'phazi lakalelo. Onani kuti mapuloti a kaunti yanu ali mu chiyani, ndipo tenda itchule datum (maziko oyesera malo, monga Arc 1950 kapena WGS 84 aja), chaka chake ndi mtundu wa phazi, liwu ndi liwu.

Tsopano zojambula chopendekera zija, zimene amazitcha oblique. Kamera imayang'ana cham'mbali, pafupifupi madigiri 45, kuchokera kumpoto, kummwera, kummawa ndi kumadzulo. Kampani ya Pictometry ya ku Rochester, New York, imene inaphatikizana ndi EagleView mu 2013, ndiyo inazitchukitsa m'maofesi a msonkho. Ubwino wake ndi waukulu. Kuchokera pamwamba simungadziwe ngati nyumba ndi yosanjikiza kapena ayi, ngati pansi pa denga pali chipinda kapena khonde lopanda makoma. Oblique imaonetsa zimenezo. Imathandizanso pa vuto limene limandipweteka mtima kwambiri, la mlomo wa denga. Ofesi ya msonkho imayesa nyumba potsata makoma akunja, koma orthophoto imaonetsa denga, ndipo denga limatuluka kunja kwa khoma. Tengani nyumba ya mapazi 40 m'litali ndi 30 m'lifupi, imene ndi masikweya fiti 1,200. Denga likatuluka mapazi awiri mbali zonse, pa chithunzi muyesa 44 ndi 34, amene ndi 1,496. Kalaliki wosachenjera wakuza nyumba ya munthu ndi pafupifupi kota. Mitengo ya msonkho ku North Carolina imakonzedwanso mwina pakapita zaka zinayi, mwina mpaka zisanu ndi zitatu zimene lamulo limalola, ndiye ngati mwini nyumbayo ndi gogo wosadziwa kudandaula, adzalipira zipinda zimene kulibe kwa zaka zonsezo. Palibe ndime ya ASPRS imene ingamuteteze. Amene angamuteteze ndi inu, pokhazikitsa lamulo la mu ofesi loti muyeso wa pa chithunzi ukasiyana ndi khadi lakale la nyumbayo, munthu apite ndi tepi asanasinthe nambala.

Chimodzimodzinso mapulogalamu a kompyuta amene amafananitsa zithunzi za chaka chino ndi zakale n'kulemba malo osintha. Ndi othandiza, ndipo kampani idzakutsatsani. Koma kompyuta imatha kuona tenti ya ukwati, kalavani yoimikidwa kapena lona wophimba nkhuni ngati nyumba yatsopano. Mndandanda wake ndi wa malo oti mukaone, si wa anthu oti muwalipitse. IAAO nayo sinanene kuti chithunzi chathetsa kuyendera. Imati malo ayang'anidwenso zaka zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi zilizonse, ndipo kumene chithunzi chaonetsa kusintha kapena sichikuoneka bwino, munthu akafike.

Chinthu china chimene mudzakumana nacho pa kauntala sabata iliyonse ndi anthu obwera ndi chithunzi chosindikizidwa pa intaneti, atakwiya kuti mpanda wa mnansi walowa m'puloti mwawo. Muziwauza modekha kuti mapu a msonkho si saveyi. Chithunzi chimaonetsa zimene zili pansi: mpanda, msewu, mzere wa mitengo. Malire enieni ali m'chikalata cha umwini ndi pa zikhomo zachitsulo zimene saveya anakhoma, zofanana ndi mabikoni athu aja, ndipo ndege sizioona. North Carolina ili m'gulu la madera akale a kummawa kumene malo amalongosoledwa ndi metes and bounds, kuchokera pa mwala wakutiwakuti kupita pa mtengo wakutiwakuti, mosiyana ndi kumadzulo kumene dziko linadulidwa m'mabokosi a maekala 640. Zikalata zina ndi zakale kwambiri ndipo sizitsekeka bwino, ndiye wojambula mapu a msonkho amangozilumikiza mmene angathere. Zithunzi zatsopano zolondola zikafika, mudzapeza mizere ya mapuloti itaphonya misewu ndi mipanda m'madera ena. Musafulumire kuimba mlandu kampani ya ndege, ndipo musafulumirenso kukoka mizere kuti igwirizane ndi mipanda. Nthawi zambiri cholakwa ndi mapu akale amene anajambulidwa pa zithunzi zosalondola, koma nthawi zina mpanda ndi umene unamangidwa pamalo olakwika. Chimene chimaweruza ndi chikalata ndi pulani ya saveya. Uzani abwana kuti mu bajeti muikidwenso nthawi ya ntchito yokonza mizereyi, chifukwa idzabwera ndithu.

Zina zotsala ndi zachidule. Pemphani satifiketi ya kuyesedwa kwa kamera. Pemphani mitundu inayi ya kuwala, kuphatikizapo near-infrared, imene imasiyanitsa zomera ndi tala kapena madzi, ndipo mtengo wake wowonjezera ndi wochepa. Mizere yolumikizira zithunzi isadule nyumba pakati, ndipo kampani ikupatseni fayilo ya mizereyo pamodzi ndi tsiku ndi ola la chithunzi chilichonse, chifukwa tsikulo ndi limene mudzalifune pa madandaulo. Werengani bwino ndime ya umwini. Makampani ena, makamaka a oblique, amabwereketsa zithunzi kwa zaka zingapo m'malo mogulitsa, ndipo kontirakiti ikatha mumapezeka mulibe umboni wa mitengo imene munaika.

Ndipo onetsetsani kuti gawo lomaliza la malipiro lisatuluke mpaka kaunti itamaliza kuyesa. Ndime imeneyo inene masiku amene muli nawo oyang'anira, inene kuti kampani iyambe yatumiza kadera kamodzi koyesera kokhala ndi tauni ndi kumudzi komwe, ndipo inene kuti zolephera zikonzedwa kapena kujambulidwanso pa ndalama za kampaniyo. Zithunzizo zikafika, khalani pansi ndi anzanu awiri kapena atatu, mugawane kaunti, mudutse bokosi lililonse ndi maso: milatho, mithunzi, malo olumikizira, madenga oyera amene awala mpaka kutaya ngodya. Ndi ntchito ya masabata angapo ndipo ndi yotopetsa, choncho pemphani nthawiyo panopa tenda isanatuluke, ilembedwe pa kalendala ya ofesi pamodzi ndi mayina a amene adzaigwire.